Adiresi ya a Samuele

Ine ndinali wosesa. Musaseke, ndi mmene a Abílio, shefi wathu, ndiye kuti bwana wa pa ofesi, ankandionetsera kwa alendo: "Uyu ndi Valéria, wosesa wathu." Koma tsache sindinkagwira ayi. Ndinkasesa maadiresi a imelo mu kompyuta, ndipo asakunamizeni munthu, ntchitoyo ndinkaidziwa kuposa aliyense mu Cuamba muno.

Bungwe lathu linkatchedwa Tabwerera. Ofesi yake inali zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya zitsulo za njinga, pafupi ndi njanji, moti sitima ikamadutsa mawindo ankachita kunjenjemera. Ntchito yathu inali yofunafuna anthu amene anasiyana ndi abale awo pa nkhondo. Nkhondoyo inatha mu 1992, anthu anabwerera kuchokera ku Malawi, anamanganso nyumba, anaswanso mphanje, koma mpaka 2011 analipo makomo ambiri oti akawerenga ana ankapeza mmodzi palibe. Chaka chimenecho tinatsegula fomu pa intaneti. Munthu, kulikonse kumene ali, ankalemba dzina lake, kwawo, amene akumufuna, ndi adiresi ya imelo yoti timuyankhirepo. Kenako kompyuta inkafananiza ofuna ndi ofunidwa, mayina akakumana ife n'kulemba kalata.

Ntchito imeneyi ndinaifuna chifukwa cha munthu mmodzi, mlongo wanga Tomasi.

Tomasi anasowa mu 1988, tsiku limene anthu a mfuti analowa kwathu ku Itepela. Iye anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ine ndili kumsana. Akuti tinali titathawa kale, tafika kudambo, pamene anakumbukira kuti mbuzi yatsala yomangirira pamtengo. Anati ifa ndi njala. Anapulumuka m'manja mwa amayi n'kuliyatsa liwiro kubwerera kukaimasula. Basi, kumuona komaliza kunali komweko. Bambo anamwalirira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo titabwerera mu 1994 amayi anga, a Ernestina, anaumba okha njerwa n'kumanga nyumba ya zipinda zitatu. China chawo, china changa, china cha Tomasi. M'chipinda chimenecho simunkalowa thumba la chimanga kapena khasu. Ankachisesa m'mawa uliwonse, ndipo Loweruka ankatulutsa mphasa yake kukaiyanika padzuwa, ngati mwiniwake wangopita kumsika ku Mandimba.

Fomu yoyamba yeniyeni kulowa m'makina athu ndinalemba ndine, m'dzina la amayi. Iwo imelo akanaitenga kuti? Ndinaikapo adiresi yanga. Mayi Zainabo oyandikana nafe, amene ankafuna mng'ono wawo, ndinawalemberanso pa adiresi yanga yomweyo, pamodzi ndi agogo ena anayi a kutchalitchi kwathu. Kumudzi ndi mmene zimakhalira, wa imelo mmodzi amanyamula anzake onse, monga amachitira wa ngolo pa nthawi yokolola. Zimenezi ndinkazidziwa bwinobwino. Muzisunge, chifukwa ine ndinadzaziiwala.

Tsono zimene anthu ankalemba m'kabokosi ka adiresi, mayo ine! Wina nambala ya foni. Wina "ndilibe". Wina "pafupi ndi chigayo, mukafunse Saidi". Zoterezi kompyuta inkazikana yokha, poti ndinaiphunzitsa kuti adiresi imakhala ndi kachizindikiro kozungulira kaja pakati, ndi kadontho chakumapeto. Zina ndinkakonza pamanja, kuchotsa mipata, kuwongola pamene chala cha munthu chaphonya. Adiresi ikaoneka yabwino ndinkaitumizira kalata yoyesera, ndipo kalatayo ikabwerera ndiye kuti adiresi ndi yakufa. Pofika Lachisanu mndandanda wanga unkakhala mbee, wopanda kachitsotso. Matama ndinali nawo, sindikana.

M'mwezi wa Malichi tinaona zakuda. Lolemba lina ndinapeza mafomu mazana asanu ndi limodzi atalowa pa Loweruka ndi Lamlungu. Mtima unadumpha, ndinkati chigawo chathu chonse cha Niassa chadzuka. Kutsegula, aa! Ndi makina a akathyali a kunja, otsatsa mankhwala a mphamvu za abambo ndi mphoto zabodza, adiresi imodzi kulowa ka makumi asanu, ina ka zana. Kompyuta yathu, mwa kupusa kwake, inali itawayankha onse mwaulemu. Kampani imene inkatinyamulira makalata inatitsekera masabata awiri, akuti tikufalitsa zinyalala. Masabata awiri athunthu! Anthu ankabwera pa njinga kuchokera kutali kudzafunsa, ife manja lende, osatha kutumiza ngakhale moni. Agogo ena anandilirira pakhomo pa ofesi. Ndinalumbira kuti zimenezi sizidzachitikanso ine ndili pampando umenewo.

Ndiye ndinamanga mpanda. Ndinalamula kompyuta kuti isamafananize dzina lililonse ndisanasese. Adiresi ikalowa koposa kasanu, inkaiika pambali n'kuipaka zofiira, ine n'kufufuta mafomu ake onse ndi kuitsekera kuti isadzatilemberenso. Yanga yokha ndinaiuza kuti isaikhudze, poti ndinkadziwa anthu amene ali kumbuyo kwake. Ndinalembanso kalata yoti izipita yokha kwa aliyense wofufutidwa, m'Chipwitikizi ndi m'Chinyanja. Ndinailemba mtima uli m'mwamba, mano ali gwa, ngati kuti makina amamva kutukwana. Inkati: "Pempho lanu lakanidwa. Kuno sitikukufunani. Musalembenso."

A Abílio ataiwerenga anakanda m'mutu. "Epa, Valéria, mawuwa si aukali?"

"Akupita kwa akuba, shefi. Mukufuna ndiwalembere kuti takusowani?"

Anaseka n'kuisiya. Munthu uja anali wofatsa mopitirira, ndipo ine ndinkadyerapo masuku pamutu.

Linali Lachitatu, mu Meyi, chakumasana. Ndinatsegula mndandanda n'kupeza zofiira zokhazokha kuyambira pamwamba mpaka pansi: mafomu makumi anayi ndi atatu, onse pa adiresi imodzi yoyamba ndi dzina loti samuele. Onse analowa dzulo lake. Mzere wa mayina ndinali nditaubisa kalekale, poti unkandichedwetsa, ndiye ndinkangoona maadiresi ndi nthawi.

A Abílio anali ataima kumbuyo kwanga ndi kapu ya tiyi. Anaweramira pagalasi.

"Taona nthawiyo," anatero. "Woyamba teni koloko isanakwane m'mawa, womaliza cha m'ma thuu koloko masana. Maola anayi ndi kanthu. Makina aja a Malichi ankalowetsa zana pa mphindi imodzi. Tatsegulako imodzi tione."

Ine mtima wanga ndi wapachala, amayi anandiuza ndili wamng'ono. Ndinatembenuka ndi mpando womwe.

"Shefi, kodi wosesa ndi ine kapena inu? Akuba nawonso amaphunzira. Achedwetsa dala kuti anthu ngati inu muwamvere chisoni. Akatitsekeranso, agogo olira pakhomo mukawalandire ndinu."

Anakweza dzanja, kusonyeza kuti agonja, n'kubwerera kuchipinda chawo. Ine ndinasankha mizere yonse ija n'kudina. Kompyuta inafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinadinanso. Sizinatenge nthawi yoti munthu n'kumeza malovu. Kenako ndinatuluka kukagula chinangwa chootcha kusiteshoni, ndipo ndikukumbuka kuti chinali chokoma.

Kumapeto kwa mwezi uliwonse ndinkapita kwathu. Chapa, minibasi ya kuno, ya ku Mandimba, maola ambirimbiri tili thithithi ndi matumba a mchere, fumbi mpaka m'mano, kenako ina yolowera ku Lichinga yonditsitsa pa Itepela. Amayi ankandiona ndili patali. Miyendo inali itayamba kuwatupa chaka chimenecho, koma ankadzukabe kudzandilandira chikwama. Ndisanamwe ndi madzi omwe, funso linali lomwelo.

"Makina anena chiyani?"

"Sananene kanthu, amayi."

"Chabwino. Kunja kumacha."

Kwa anzawo ankandinyadira koopsa. Ndinawamva tsiku lina akuuza mayi Zainabo pamjigo kuti, "Wanga uja ndi amene akusesa njira yoti Tomasi adzere." Ine ndinamwetulira. Juni anadutsa, Julayi, Ogasiti, Sepitembala, yankho langa lili lomwelo, ndipo ndinkalinena ndi mtima woyera, ndikukhulupirira kuti ndikunena zoona.

Mu Okutobala tinapita ku Mandimba kukalemba anthu pamaso, omwe sakanatha kufika pa intaneti. Tinaika tebulo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Kunkatentha ngati m'ng'anjo ya njerwa, mzere unali wautali, ndipo batire ya kompyuta inkangolira. Cha m'ma leveni ndinaona bambo wina wachikulire akutsika pa njinga yonyamula anthu kuchokera kumalire. Anavala jekete m'dzuwa lonse lija, m'khwapa atapanira jumbo. Sanalowe pamzere. Anabwera molunjika patebulo, anavula chipewa, n'kuima.

"Mzere uli uko, bambo," ndinatero osawayang'ana bwino.

"Pepani mayi, sindinabwere kudzalembetsa. Ndikufuna amene amayankha makalata a bungwe lino. Dzina langa ndine Samuele."

Dzinalo silinandiuze kanthu. Miyezi isanu ndi yambiri, ndipo ine ndinali nditafufuta maadiresi osawerengeka. A Abílio ndi amene anakoka mpando n'kuwakhazika.

Anafotokoza pang'onopang'ono, m'Chichewa cha ku Malawi chija chimene ndinakulira nacho kumsasa. Anati ndi kalaliki pa esiteti ya fodya kuseri kwa Namwera. Pa esitetipo matenanti ambiri ndi a ku Mozambiki kuno, amene nkhondo itatha sanabwerere, ena chifukwa chosowa kobwerera, ena pa zifukwa zawo. Anamva za fomu yathu pa wailesi. Malamlungu atatu akaweruka kutchalitchi anayenda khomo ndi khomo ndi kope, kulemba mawu a aliyense monga mmene mwiniwake akunenera. Kenako anakwera matola mpaka ku Mangochi, kukanyumba ka intaneti, n'kulowetsa mafomu onse mmodzimmodzi.

"Pa esiteti yonse wa imelo ndine ndekha," anatero. "Anandipangira mwana wanga. Ndiye ndinaika yanga pa onse. Anthu makumi anayi ndi atatu."

A Abílio sanandiyang'ane, ankangoyang'ana pansi.

A Samuele anatsegula jumbo lija n'kutulutsa pepala lopindidwa panayi, lothothoka m'mbali chifukwa chogwiragwira. Analiyala patebulo n'kuliwongola ndi chikhatho. Mawu ake sindinafunike kuwerenga, ndinkawadziwa pamtima.

"Nditapitanso patatha sabata ndinapeza iyi. Inabwera ka makumi anayi ndi katatu, aliyense yake, koma mawu amodzimodzi. Ndinasindikiza imodzi. Anthu anali akundidikira pachigafa, ena atavala zakutchalitchi, ndiye ndikanatani? Ndinawawerengera. Ndinalembanso katatu kufunsa chimene talakwitsa, koma makalata anga ankangobwerera. Ndiye ndinati fodya akatha ndipite ndekha. Sindinabwere kudzakangana, mayi. Ndingofuna kudziwa cholakwa chathu, ndikawauze amene atsala."

Akanandilalatira zikanakhala bwino. Ndikanawabwezera, poti kukangana ndimakutha. Koma munthu anakhala phee, chipewa chili pabondo, akudikira kuti ndimuuze cholakwa chake.

"Kope lija muli nalo?" ndinafunsa.

Anandipatsa. Linali kope la ana a sukulu, lachikuto chabuluu, lonunkha fodya. Tsamba lililonse munthu wake, nambala pamwamba, zilembo zoimirira bwino za kalaliki. Ndinayamba kutsegula masamba. A ku Mecanhelas, a ku Milange, mayi wofuna ana ake awiri, mkulu wofuna manda a mkazi wake. Anthu enieni okhaokha, ndipo palibe mmodzi yemwe wogulitsa mankhwala. Nditafika pa nambala 17 ndinaona mawu oti Itepela.

Ndilemba monga mmene zinalembedwera, chifukwa tsambalo ndili nalo.

"Kuno amanditcha Jemusi koma dzina langa ndi Tomasi Baltazar. Kwathu ndi ku Itepela. Amayi anga ndi a Ernestina, panalinso kamwana kakakazi kakumsana. Ndinabwerera kukamasula mbuzi ndipo anandigwira. Ndinakhala nawo zaka zinayi. Anandichititsa zinthu zimene sindinganene, zina m'midzi ya kufupi ndi kwathu. Njira ya kwathu ndikuidziwa koma sindingangofika. Chonde muwafunse amayi ngati akundifuna. Akati bwera ndibwera. Akati ayi sindidzawavutitsa."

Za mbuzi sankazidziwa munthu wina aliyense kupatula ife. Ngakhale pa fomu ya amayi sindinazilembe, ndinazisunga dala kuti ndidzayesere nazo aliyense wodzitcha Tomasi. Ndipo fomu ya amayiyo inali m'makina momwemo, nambala wani, dzina lake lili poyera. Ndikanangolola kompyuta kufananiza ndisanasese, mayina awiriwo akanakumana Lachitatu lomwe lija, ine ndisanamalize chinangwa.

Ine, kamwana kakumsana kaja, ndinali nditaimirira, sindikudziwa nthawi yanji, mpando uli gada kumbuyo.

"Ali kuti? Bambo, uyu wa nambala 17 ali kuti? Ndi mlongo wanga!"

A Samuele anandiyang'ana. Kenako anatsitsa maso.

"Jemusi anachoka mu Ogasiti, fodya atangotha."

"Anapita kuti?"

"Anakwera lole ya matenanti. Ena akuti ku Kasungu, ena akuti anapitirira mpaka ku Zambia. Foni analibe, mkazi analibe. Ndipo anthu ngati iye akafika pamalo patsopano amatenga dzina lina."

Ndinawakakamiza kuti andiuze zonse, ndipo anandiuza. Tsiku limene anawerenga kalata pachigafa, anthu ena anatukwana, amayi ena analira, wina anati boma la kwawo ndi mmene lilili. Jemusi yekha anadikira. Onse atabalalika anatsalira, n'kupempha kuti amuwerengerenso. Anafunsa ngati yake inabweradi payokha, ya iye mwini. A Samuele anati inde, aliyense inabwera yake. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ndimadziwa. Sanalakwe." Kenako anabwerera kukasankha fodya.

"Anali munthu wachete, wolimbika ntchito," anapitiriza a Samuele, ngati akundipepesa. "Zaka zisanu ndi chimodzi pa esiteti sanayambanepo ndi munthu, kupatula pa nkhani ya mbuzi. Ankaweta zitatu koma sankalola kuzimangirira, ngakhale nthawi ya dzinja. Zinkadya mbewu za eni ake, milandu tsiku ndi tsiku. Pochoka anandisiyira ine."

Pamenepo ndinakhala pansi, padothi penipeni, mu siketi yanga ya ku ofesi. Ndinalira mokuwa pamaso pa msika wonse wa Mandimba. Ndipo ndinawauza a Samuele.

"Kalatayi ndinalemba ndine. Mafomu anu ndinafufuta ndine. Ndinkayesa ndi makina a akuba."

"Simunawerengeko?"

"Ayi."

"Ngakhale imodzi?"

"Ngakhale imodzi."

Anatenga pepala lija n'kulipinda bwinobwino m'mizere yake yakale.

"Ndinalemba ndi zala ziwiri, mayi," anatero. "Kompyuta sindiidziwa kwenikweni."

A Abílio sanandikumbutse za Lachitatu lija, tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo kukhala chete kwawoko kumandipweteka mpaka lero. Anatseka kalembera, tinakhala pansi pa mango pomwepo, iwo akuwerenga kope ine ndikulowetsa mafomu onse makumi anayi ndi atatu. Adiresi ya a Samuele ndinaitsekulira, kalata yanga ija ndinaichotsa m'makina. Nditalola kompyuta kufananiza, dzina loyamba kutulukira linali la Tomasi, pambali pa la amayi, ndi kamzere kobiriwira kosonyeza kuti apezana. Ndinkafuna kuiphwanya ndi mwala.

Kwa amayi sindinapite msanga. Ndinkati ndikamupeze kaye, ndidzafike naye pakhomo, zinazo zidzakhale nkhani yoseka. Ndinawoloka malire ndi a Samuele mpaka ku esiteti. Ndinaona kanyumba kake ka udzu, mutalowa kale banja lina. Ndinaona mbuzi zake. Chithunzi chake panalibe amene anali nacho. Ndinapita ku Kasungu, ndinazungulira maesiteti asanu ndi awiri ndikufunsa za Jemusi wa ku Mozambiki, wachete, wazaka makumi atatu ndi ziwiri. Kapitawo wina anandiseka, amvekere, "Achemwali, apa aliyense ndi Jemusi wa ku Mozambiki." Tinalengezetsa pa wailesi kawiri. Pa anthu a m'kope lija, khumi ndi mmodzi anapeza abale awo chaka chisanathe, ndipo ena anabwera ku ofesi ndi nkhuku kudzandithokoza. Ine! Nkhuku zimenezo sindinadye.

Patatha masabata atatu ndinatsika chapa pa Itepela ndili ndekha. Linali Loweruka m'mawa, mphasa ya Tomasi ili padzuwa. Amayi anali pakhonde akusola nandolo, miyendo atatambasula.

"Makina anena chiyani?"

Ndinagwada pafupi nawo, ndinatulutsa tsamba lija, ndinawawerengera. Nditafika pa mbuzi lichero linagwa, nandolo mbwee pabwalo. Anaimirira ndi miyendo yotupa ija ngati mtsikana. Analuluta, anaseka, anagwira mutu, anaitana mayi Zainabo mokuwa.

"Ali moyo! Zainabo, mwana wanga ali moyo! Iii, chitsiru cha mwana, akufunsa ngati ndikumufuna? Valéria, muuze abwere. Muuze lero lomwe! Za kunkhondozo ndi za kunkhondo, ana a eni ake anabwera tinawasambitsa mankhwala pamtsinje, lero ali ndi mabanja. Nayenso tidzamusambitsa. Lemba, ukudikira chiyani? Uti amako akuti bwera."

Njira yonse ya m'chapa ndinali nditakonza bodza. Ndikanati anasamuka yankho lisanafike, ndipo akanakhulupirira. Koma atandiyang'ana ndi nkhope imene ndinali ndisanaionepo chibadwire, nkhope ya mayi wa ana awiri, bodza lija linakana kutuluka.

"Anayankhidwa kale, amayi. Mu Meyi."

"Anayankhidwa ndi ndani?"

"Ndi ine."

Ndinafotokoza zonse, za akuba a Malichi, za mpanda wanga, za adiresi imodzi ya anthu ambiri. Sindikudziwa ngati za makinazo anazimva. Anangofunsa mawu amene anali m'kalatamo, ndipo ndinawanena. Anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Mayi Zainabo, amene anali atafika akuthamanga chitenje chili m'manja, anabwerera chammbuyo mpaka kumpanda.

Amayi anakhala pansi pang'onopang'ono, atagwira mzati.

"Iweyo sunalembe anthu asanu ndi mmodzi pa adiresi yako?"

"Ndinalemba."

"Nanga mnzakoyo analakwa chiyani?"

Nkhuku zinali zitayamba kutola nandolo, ndipo palibe anazithamangitsa.

"Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikuopa kuti anafa," anatero, mawu ali pansipansi. "Imfa ndinali nditaikonzekera. Koma kuti mwana wanga ali moyo, akuyenda m'dziko la eni, akudya, akugona, akudziwa kuti amake anamukana? Iye anati undifunse ine, Valéria. Walemba apo, wandiwerengera wekha. Unandifunsa?"

"Ayi, amayi."

Sanandimenye, sananditukwane. Anadzuka, anakapinda mphasa ija dzuwa lisanaiwombe mokwanira, analowa nayo m'chipinda n'kutseka chitseko. Ndinawamva akulankhula m'katimo mpaka masana, akuitana dzina lake ndi kumuuza kuti si iwo amene anamukana.

Ntchito ndikugwirabe, ngakhale bungwe latsala dzina lokha ndipo mafomu amalowa awiri kapena atatu pa mwezi. Ndimawerenga iliyonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndi ya ogulitsa mankhwala yomwe. A Samuele amandilembera akapita ku Mangochi, ndipo kalata yawo imakhala yaifupi: sanamveke. Ndimadzida, ndikuuzeni zoona. Akuluakulu amati madzi akatayika saoleka, ndipo anthu amandiuza mwambi umenewu ngati mankhwala, koma amene anataya madziwo ndine, shefi atandichenjeza.

Amayi amandilandirabe ndikafika, amandipatsa madzi akumwa, amandifunsa za ulendo. Za makina sanandifunsenso. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse amavala chitenje chawo chabwino n'kukwera chapa kupita ku Mandimba, ngakhale adokotala anawaletsa kuyenda mtunda. Amakakhala pamwala pafupi ndi chipata cha malire, pamene njinga zochokera ku Chiponde zimatsitsira anthu. Mwamuna aliyense wa msinkhu wa Tomasi akamadutsa amamukodola, n'kumuuza mawu omwewo.

"Bambo, mukakakumana ndi Tomasi wa ku Itepela, kapena Jemusi, wosamanga mbuzi, mukamuuze kuti amake akuti bwera. Kalata ija sinali yanga."

Ena amavomera mwaulemu, ena amangodutsa. Oyendetsa njinga anawazolowera, amati ndi agogo ozungulira mutu aja. Ine ndimachoka ku Cuamba Lachisanu kuti ndikawapeze pamenepo. Salankhula nane tikakhala pamalirepo, ndipo sindiwakakamiza. Ndimangoima kumbuyo kwawo nditawagwirira ambulera.